Chaka Chanji, Bwana?

Nditangofika kuno ku England, chimene chinkandiseketsa kwambiri chinali kalavani. Munthu ali ndi nyumba ya njerwa, yofunda bwino, ya chimbudzi chogejemula. Koma Lachisanu likakwana amakoka kabokosi koyera kumbuyo kwa galimoto, kukakaimika m'munda wa eni ake, kulipira, n'kugona mmenemo mvula ikuwomba denga ngati ana akugenda mango. M'mawa amanyamula yekha thanki ya kuchimbudzi kukataya, uku akuimba mluzu. Ati ndi tchuthi.

Ndinaseka zaka 10. Chaka cha 11 ndinagula yanga.

Matendawa ndi akale. Mu 1885 Dr William Gordon Stables, dokotala wa ku Scotland amene anapuma ntchito ya usilikali wa pamadzi, anayamba kuyenda ndi ngolo yogonamo yokokedwa ndi akavalo, imene anaitcha The Wanderer. Mkulu ameneyu anali ndi mwayi umodzi umene ife tilibe. Pogula yake panalibe munthu womunyozera yakale.

Ife timakanyozedwera ku Birmingham. Chaka chilichonse mu October, komanso mu February, maholo akuluakulu a NEC amadzaza ndi makalavani atsopano: a Swift ndi a Coachman ochokera cha ku Hull, a Bailey a ku Bristol, a Elddis a ku Consett, onse onyezimira ngati mano a mkwatibwi. Pakhomo aliyense amalumbira mofanana kuti wangobwera kudzaona. Potuluka ambiri amakhala atakwapatira pepala losaina. Dongosolo lake eni dziko amalitcha part exchange: upereke yakale, uwonjezere ndalama, utenge yatsopano. Pa mawu n'zosavuta. Nazi zimene ndaona ndi maso angawa.

Dzino sitigula

Mnyamata wa tayi anatilandira ngati abale ochokera kumudzi. Anatikhazika pampando, kutipatsa khofi, mpaka kufunsa dzina la galu wathu. Galu tilibe, koma ndinatsala pang'ono kumupeka kuti macheza asathe.

"Muli ndi yakale yoti tisinthane?"

Ndinakonza pakhosi n'kuyamba ngati nkhoswe yotamanda mwana wa mlongo wake. Kalavani yathu yafika ku Cornwall. Yakwera mapiri a ku Wales osadandaula. Makatani ake ndi a chitenje cha ku Limbe, osokedwa ndi apongozi anga. Mwana wathu wotsiriza anagulukira dzino loyamba mmenemo.

"Chaka chanji, bwana?"

"2014."

Anagogoda kawiri pa kakompyuta kake kam'manja. "£7,000."

"Nanga makatani aja?"

"Amenewo mutenge."

"Dzino?"

"Nalonso mutenge."

Mayi a kunyumba anandigwira bondo. "Bambo, pumani kaye. Mtengo anenawo ndi wa kalavani, si wanu."

Kakompyuta kaja kamangofuna zinthu zitatu: mtundu wa kalavani, chaka chake, ndi mmene ilili. Malo olembapo Cornwall mulibe.

Ulemu wa £500

Pa chionetsero, malo oikapo makalavani amakhala a kampani yopanga, koma ogulitsa amachokera ku mashopu osiyanasiyana a m'dziko lonse. Kalavani imodzi yomweyo ikhoza kukhala ndi mitengo iwiri, kutengera amene wakugwira dzanja.

Alamu anga anafunsa kwa awiri. Woyamba anati yakale aitenga pa £9,000, yatsopano ndi £28,000. Wachiwiri anati yakale £7,000, yatsopano £25,500.

Alamu anayaka moto. "£7,000? Akuiyesa khola la nkhuku?" Anabwerera kwa woyamba n'kusaina mwaukali, cholembera mpaka kuboola pepala.

Madzulo pa sitima, mlongo wanga anatenga lisiti la masangweji n'kuyamba kuchotsera kuseri kwake. Kwa woyamba, ndalama yotuluka m'thumba ndi £19,000. Kwa wachiwiri ikanakhala £18,500.

"Bambo, mwataya £500."

"Sindinataye. Munthu uja anailemekeza kalavani yanga."

"Chabwino. Ulemuwo tiphikira ndiwo zanji?"

Ogulitsa amadziwa kuti munthu amamva kukoma katundu wake akatamandidwa. Ndiye amakweza mtengo wa yakale ndi dzanja lamanja, dzanja lamanzere likubweza kuchotsera kumene akanakupatsa pa yatsopano. Nambala yeniyeni ndi imodzi basi, imene iwo amati cost to change, ndalama yowonjezera ija. Alamu anga mpaka lero amawauza alendo kuti kalavani yawo inagulidwa £9,000. Mlongo wanga amangodutsa ndi thireyi ya tiyi, akutsokomola.

Zaka za mpira

Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu anauza wogulitsa kuti kalavani yake ndi ya 2018. Ananena mosaphethira, chifukwa anaigula yatsopano mu March 2018, ndipo lisiti anali nalo m'thumba.

Wogulitsa anapempha nambala ya pawindo. Kuyambira 1992 makalavani opangidwa kuno amakhala ndi nambala ya zilembo 17 yolembedwa pa mawindo ndi pa chitsulo cha pansi, ndipo amalembetsedwa ku kaundula wa CRiS. Chilembo cha nambala 10 chimaulula chaka. Chinaulula 2017.

Chaka cha makalavani sichiyamba mu January. Chimayamba cha mu September, pamene makampani amatulutsa mitundu yatsopano. Mkuluyu anagula yotsala ya chaka chatha, anamutsitsirako mtengo nthawi imeneyo, iye n'kuiwala chifukwa chake.

"Koma inabwera pakhomo panga mu 2018!"

"Bwana, nanunso munabwera ku England muli wamkulu kale."

Mkuluyu anakhala chete, kenako anaseka yekha. "Basi. Ndimaiuza zaka za mpira, pasipoti yake yaigwira."

Palibe anandiitana

Ine ndinakulira pa msika wa Limbe. Ndimadziwa kunenerera. Lamulo lake ndi lakuti mtengo ukakana kutsika, imirira, pukusa mutu, yamba kuchoka pang'onopang'ono. Usanaponde kasanu umamva, "Bwerani bwana, tiyankhulane."

Ndinaimirira. Ndinapukusa mutu. Ndinauza mayi kuti tiyeni.

Phazi loyamba, chete. Lachitatu, chete. Lachisanu ndinawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato, nsapato zake zopanda zingwe. Nditasuzumira kunsi kwa mkono ndinaona mpando wanga watengedwa kale ndi banja lina, mnyamata uja akufunsa dzina la galu wawo.

Manyazi anandikankha mpaka holo yachitatu. Kumeneko ndinazindikira zinthu ziwiri. Choyamba, mayi sananditsatire. Chachiwiri, jekete langa linatsala pampando, makiyi a galimoto ali mmenemo.

Nditabwerera ndinapeza mayi ali m'kalavani yatsopano, akutsekula ndi kutseka uvuni.

"Mwabwerera, bwana!" anatero mnyamata uja. "Ndinadziwa kuti mtima wanu watsala kuno."

Mtima unali utapita. Chinatsala ndi jekete. Koma mukamufotokozera bwanji munthu amene wakutulutsirani kale cholembera?

Basela

Kalavani ilibe injini. Ukaimasula ku galimoto umaikankha ndi manja, pokhapokha utaika timakina pa matayala toiyendetsa ndi rimoti, timene amati motor mover. Mnzanga wina, dalaivala wa basi, anaika timeneti pa yakale ndi ndalama za ovataimu.

"Mundiwonjezera zingati chifukwa cha timakinati?"

"Pang'ono chabe, bwana. N'takale."

"Nanga pa yatsopanoyi?"

"Apa ndiye muli ndi mwayi! Mukasaina lero tikuikirani taulere. Mphatso ya ndalama zoposa £1,000!"

Mnzanga anakanda mutu. "Ndiye kuti tikakhala pa yanga ndi zitsulo, tikakhala pa yanu ndi mphatso?"

Kwathu basela amakuikira pamwamba pa mulu wa tomato iwe ukuona. Kuno basela amayamba wamuwerengera mumtengo, kenako amamumanga riboni.

Mnzangayo anaganiza zobwezera. Usiku woti mawa akapereke yakale, anachotsa zonse zochotseka: timakina tija, batire, botolo la gasi, chitenti cha pambali, mpaka kagalasi ka kubafa. M'mawa anapeza kuti kalavani ili kuseri kwa nyumba, pamalo otsetsereka, ndipo choikankhira chili m'katoni. Anadzutsa ana atatu ndi neba wa zaka 70. Ndalama imene anapulumutsa inathera kwa wowongola msana.

Kachirombo ka mano awiri

Pansi pa pepala limene umasaina pa chionetsero pamakhala timawu tating'ono tonena kuti mtengo wa yakale udzatsimikizika akadzaiyendera. Umasaina mu October, yatsopano imafika mwina mu March. Pakati apo pali dzinja la ku England, limene ntchito yake ndi kufufuza timing'alu.

Mdani wa kalavani ndi chinyezi. Madzi amalowera m'mphepete mwa mawindo kapena polumikizira denga, n'kumawoletsa khoma mkati kunja kukuwala. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Choncho woyendera amabwera ndi kachipangizo ka mano awiri, kamene amabaya pakhoma n'kuwerenga nambala. Ikakhala pansi pa 15, amamwetulira. Ikadutsa 20, amatulutsa cholembera. Ikafika 30, amakufunsa ngati ungakonde kukhala pansi.

Bambo wina wa ku Leeds anamva fungo la chuku pakona ya bedi. Anayatsa hita masiku atatu, kupopera mankhwala onunkhira, kuika maluwa, n'kutsamiritsa pilo wamkulu pakonapo.

Woyendera analowa, kununkhiza kamodzi, n'kulunjika pa pilo.

"Mwadziwa bwanji?"

"Bwana, ine ndimayambira pamene panunkhira kwambiri."

Kachirombo kanaluma khoma n'kunena 34. Pa £8,000 ya mu October panachoka £1,500. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mtengo wa pa chionetsero ndi fodya wa pachala, ndipo mphepo ya kuno imawomba miyezi isanu.

Ali panja woyendera uja anagwada n'kuwerenganso manambala anayi a pa tayala, osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Matayala a kalavani amalangiza kusintha pakatha zaka 5, ndipo asapitirire 7, ngakhale mapanda ake akuoneka atsopano, chifukwa amakalamba ndi kukhala.

"Koma sanayende n'komwe!"

"Ndi vuto lake limenelo, bwana."

Bamboyo akuti anayang'ana mimba yake n'kusiya kutsutsa.

Munthu wa 2021

Nthawi ya Covid-19 ndege zitaima, dziko lonse linakumbukira kuti kuli kalavani. Mu 2020 ndi 2021 anthu anazilimbirana, mafakitale analephera kukwanitsa, ndipo mitengo ya zakale inakwera modabwitsa.

Mnzathu wina wa kuntchito anauzidwa nthawi imeneyo kuti yake angaigule pafupifupi mtengo umene iye anagulira. Anakana. Anati kalavani ili ngati puloti, ikamakhala imakwera. Anayamba kutipatsa malangizo a zachuma pa nthawi ya tiyi.

Ndege zinayambiranso kuuluka. Amene anagula kalavani mothawa kukhala m'nyumba anazindikira kuti thanki ya kuchimbudzi siidzitaya yokha, ndipo anayamba kugulitsa. Mabwalo a ogulitsa anadzaza.

Mu 2024 mnzathu anapita ku Birmingham ndi chifuwa chotukumuka. Atamva mtengo anati, "Koma mu 2021 munthu wina anandiuza zambiri kuposa apa!"

"Nambala yake muli nayo, bwana? Muimbireni msanga."

Malangizo a zachuma anatha. Pano amatiuza za mpira.

Mapanga awiri

Zoona zake n'zakuti ukagulitsa wekha umapeza zambiri kuposa zimene wogulitsa angakupatse. Msuweni wanga anamva zimenezi n'kukana kusinthitsa. Anaitanitsa yatsopano, yakale n'kuitsatsa pa intaneti.

Woyamba kubwera anamenya tayala ndi nsapato, kugwedeza mutu, n'kupita. Wachiwiri anafuna kusinthana ndi njinga yamoto yopanda injini. Wachitatu anatumiza uthenga kuti ali kunja kwa dziko, atumiza munthu ndi ndalama zopitirira, zotsalazo amubwezere. Lachinayi linali banja la anthu asanu. Anakhala mkati ola lathunthu, kumwa tiyi, kudya mabisiketi, ana kudumpha pabedi. Potuluka bambo wake anati, "Zikomo kwambiri. Timafuna tione ngati moyo wa kalavani ungatiyanje. Sungatiyanje."

Nthawiyo inali November, mwezi umene munthu wanzeru saganiza zogona m'munda. March atakwana yatsopano inafika. Pakhomo malo ndi a imodzi. Inayo inapita kosungitsa, kolipira.

Mapanga awiri avumbwitsa. Msuweni wanga anali ndi nyumba ziwiri za matayala, imodzi ya njerwa, ndipo sabata imeneyo ankagona pa sofa.

Unyolo

Achimwene ena a ku Nottingham anachita zonse mwanzeru. Anafunsa ogulitsa atatu, anawerengera ndalama yowonjezera, anapimitsa chinyezi asanapite. Anaiwala chinthu chimodzi chokha, sikelo.

Mabungwe a eni makalavani amalangiza kuti kwa munthu wosazolowera, kalavani itapakiridwa isalemere kupitirira 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yoikoka. Ndiponso galimoto iliyonse ili ndi malire a katundu amene ingakoke. Kalavani imene anaikonda achimwenewa inali yotakata, ya matayala anayi, ya bedi loti umalizungulira. Galimoto yawo inali yopitira kuntchito.

Kalavani yatsopano inafuna galimoto yatsopano. Anapita kwa ogulitsa magalimoto, kumene mnyamata wina wa tayi anawakhazika pampando, kuwapatsa khofi, n'kufunsa, "Muli ndi yakale yoti tisinthane? Chaka chanji, bwana?"

Ngongole ziwiri zinafuna mashifiti owonjezera. Mashifiti anadya Loweruka, kenako Lamlungu, kenako August yense.

Ndinawafunsa tsiku lina kuti kalavani ikuyenda bwanji.

"Ikuyenda bwino kwambiri, achimwene. Ndimagonamo masana ndikachokera ku naiti. Mulibe phokoso la ana."

Mwini wake anali wosamala

Tsopano ndimalize yanga. Nditasaina ku Birmingham sindinafunse kuti shopu ya mnyamata uja ili kuti. Inali kutali, kumapeto kwa mapu. Ukamakoka kalavani lamulo silikulola kupitirira 60 mph pa msewu waukulu, kapena 50 mph pa misewu wamba. Tsiku lokapereka yakale ndinayenda maola anayi, magalimoto 20 ali pambuyo panga ngati ndikutsogolera maliro. Mwanjira ina analidi maliro.

Woyendera anaizungulira akuyamwa mano. Anandionetsa pamene panakalika, pamene panaphwanyika, chitseko cha kabati cholendewera. Anati yatopa. Ndinasaina ndi mutu wowerama ngati kholo loitanidwa kwa ahedi.

Patatha masabata atatu ndinabwererako, chifukwa kachitseko ka yatsopano kanakana kutseka, ndipo zokonza zaulere zimafuna kumene unagula. Maola anayi ena. Ndikudikira, ndinayendayenda pabwalo. Ndipo ndinaiona.

Inali yotsukidwa, yopakidwa polishi, matayala atsopano. Pawindo panali pepala: £9,995. Pansi pake analemba kuti ndi yokongola, yosamalidwa mwachikondi ndi banja limodzi.

Magazi anathamanga. Kenako ndinawerengera, monga anandiphunzitsira mlongo wanga. Aikonza, aipima gasi ndi magetsi, agula matayala, adzapereka chitsimikizo kwa wogula, adzalipira msonkho, ndipo ikhoza kukhala pabwalopo miyezi ikudya malo. Mnyamata wa tayi nayenso ali ndi ana. Mkwiyo unatsika kufika pa £1,000, umene ndikadali nawo.

Mkati munali mnyamata ndi mtsikana, mtsikanayo ali woyembekezera. Woyendera yemwe uja, amene anati yatopa, ankawauza kuti, "Zoterezi sizipezekapezeka. Mwini wake anali munthu wosamala kwambiri."

Ndinaima kuseri kwa chitseko n'kumamvera. Zaka zonse ndakhala m'dziko lino palibe ananditamandapo choncho. Mtsikana uja anatsekula kabati n'kuona timizere ta pensulo mkati mwa chitseko, pamene tinkayezera msinkhu wa ana chilimwe chilichonse. Polishi sanafikeko.

"Izi tifufuta," anatero woyendera.

"Ayi, zisiyeni," anatero mtsikanayo. "Tidzayambira mbali inayi."

Ndinatuluka ndikupukuta m'maso, n'kumanamizira mphepo. Mayi anandiyang'ana. "Bambo, musayerekeze."

Koma miyendo inali itandifikitsa kale mu ofesi. Mnyamata wa tayi anadzuka ndi chimwemwe. Ndinamufunsa, mongocheza chabe, kuti nditati ndibweze yatsopanoyi, ya masabata atatu, imene sitinagonemo n'kamodzi komwe, kuti nditengenso yanga ija, angaiwerengere zingati.

Anandikhazika pampando. Anandipatsa khofi. Anatenga kakompyuta kake, kuyang'ana pawindo kumene kunali kalavani imene anandigulitsa yekha, n'kuyamwa mano.

"Chaka chanji, bwana?"